Kutsuka kanyula: saline kapena water for injection?

Achemwali, mwafunsa ngati water for injection angalowe m'malo mwa saline (madzi a mchere a m'diripi) potsuka kanyula, kachubu kaja kolowetsa mumtsempha poperekera mankhwala, poti ndi amene amapezeka msanga mu wodi, komanso ngati kutsuka pafupipafupi n'kofunikiradi. Funso lanu landikhudza, chifukwa ndaonapo mwana akubayidwa katatu tsiku limodzi, mayi ake misozi ili m'maso, kanyula itatseka chifukwa palibe anaitsuka.

Chotsukira ndi normal saline, 0.9%, chifukwa mchere wake umagwirizana ndi wa m'magazi. Water for injection alibe mchere ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi yosungunulira mankhwala a ufa, ndipo akalowa okha mumtsempha amatha kutupitsa maselo ofiira a m'magazi mpaka kuphulika. Heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, nayenso musavutike naye pa kanyula wamba ya munthu wamkulu, saline akukwana.

Pukutani pakamwa pa kanyula ndi sipiriti kwa masekondi 15, mudikire paume. Tsukani musanapereke mankhwala, pakati pa mankhwala awiri, komanso mukamaliza. Kwa wamkulu 3 mpaka 5 ml amakwanira, kwa khanda n'zochepa kwambiri. Muzikankha pang'ono n'kuima, kukankhanso n'kuima, kuti madziwo azivundula zotsalira m'kati. Ngati kanyula ikungokhala, itsukeni pa shifiti iliyonse. Wodwala aliyense sirinji yakeyake, chonde, ndipo musamatunge m'thumba limodzi la saline wodi yonse.

Za pakati pa mankhwala awirizi musazione mopepuka. Ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya amene timapereka tsiku ndi tsiku, akakumana ndi calcium wa m'diripi ya Ringer's lactate amapanga timibulu m'chubu momwemo. Kwa ana ongobadwa kumene zimenezi zinaphapo, n'chifukwa chake kwa iwo awiriwa saperekedwa limodzi n'komwe.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: potsuka paja mukuyezanso mtsempha. Maso akhale pa mkono, osati pa sirinji pokha. Wodwala akati "ikuwawa", mumukhulupirire. Pakatupa n'kuzizira, madzi akuthawira m'minofu. Pakafiira, kutentha, mtsempha n'kuuma ngati chingwe, watupa ndithu. Ndipo sirinji ikakana kuyenda, musaumirize. Onani kaye ngati chubu chapindika kapena mkono wapindidwa. Ikakanabe, mwina mu kanyulamo muli kam'bulu ka magazi oundana, ndipo mukakankha mwamphamvu mutha kukatumiza m'thupi kapena kuphulitsa mtsempha. Ichotseni kanyulayo, mubaye pena, mulembe mu faelo nthawi ndi chimene mwaona kuti wobwera usiku akadziwe poyambira.