Chifukwa chake ma LED abuluu sakuyaka pamodzi ndi ofiira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina amene akupanga galimoto ya apolisi ya makatoni yoti ana ake akagwiritse ntchito pa sewero. Padenga pake anaikapo ma LED (timababu ting'onoting'ono tamagetsi) asanu ndi limodzi, anayi ofiira ndi awiri abuluu, onse atamangidwa pa mawaya awiri omwewo, resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) imodzi ya ma ohm 330 ndi batire ya mavolti 9. Ofiira ankayaka koma abuluu ayi, ndipo atachotsa resistor poganiza kuti ndiyo ikutchinga magetsi, ofiirawo anathwanima kamodzi n'kupsa. Akufunsa ngati anagulitsidwa katundu wachinyengo.

Aphunzitsi, katundu wanu analibe vuto. Cholakwika chinali kalumikizidwe. LED iliyonse imafuna mavolti ake kuti iyambe kuyaka, ndipo mlingowu umasiyana ndi mtundu: yofiira imayaka pa mavolti pafupifupi 2, pamene yabuluu kapena yoyera imafuna 3 kapena kupitirira pang'ono. Mukaziika zonse kuseri kwa resistor imodzi, zofiira zimayamba kuyaka n'kugwira mavolti a pa mawayawo pa 2, moti zabuluu sizifika pamene zingadzuke. Ndiponso LED siidziwa kukhuta, chifukwa mavolti akangokwera pang'ono imakoka magetsi ochuluka mpaka kudziwotcha, ndipo ntchito ya resistor ndi kuiletsa zimenezo. LED wamba ya mamilimita 5 siyenera kukoka magetsi opitirira ma milliamp 20, ndipo ine ndimakonda 15, popeza diso siliona kusiyana kwenikweni koma batire imakhalitsa.

Masamu ake ndi lamulo la Ohm: chotsani mavolti a LED pa mavolti a batire, ndipo otsalawo muwagawe ndi magetsi amene mukufuna. Ofiira mugule atsopano n'kuwalumikiza awiriawiri motsatizana, mwendo waufupi wa yoyamba kugwirana ndi mwendo wautali wa yachiwiri. Awiriwo adya mavolti 4, kutsala 5, ndipo 5 kugawa ndi 0.015 (ndiwo ma milliamp 15 aja powalemba mu ma amp) akupereka 333, kutanthauza kuti mzere uliwonse wa ma LED awiri ukufuna resistor yake ya ma ohm 330, ija yopakidwa timizere tiwiri ta olenji ndi kamodzi ka bulauni. Imene muli nayoyo igwira mzere umodzi, mungowonjezera ina.

Pa abuluu ndi pamene ndikufuna musamale. Papepala n'zotheka kuwalumikizanso motsatizana, koma awiriwo amadya mavolti opitirira 6, ndipo batire ikayamba kufooka n'kutsikira cha ku 7, adzazilala sewero lili mkati. N'kwabwino aliyense akhale ndi resistor yake ya 390, yopakidwa timizere ta olenji, toyera ndi ta bulauni. Ma resistor a kotala ya watt ndi okwanira, ndipo zilibe kanthu kuti resistor yayang'ana kuti kapena ili mbali iti ya LED. Chimene chili ndi mbali ndi LED: mwendo wautali upite ku pulasi, ndipo ngati miyendo munaidula kale, mbali yaphwatalala ya m'mphepete mwake ndiyo ya mainasi.

Mizere inayiyi, iwiri ya ofiira ndi iwiri ya abuluu, pamodzi idzakoka ma milliamp pafupifupi 60, pamene batire yabwino ya mavolti 9 imasunga pafupifupi ma milliamp-hour 500, choncho musayembekeze maola opitirira asanu ndi atatu. Ikani switchi pa waya wa pulasi, pamalo pamene mwana angafikire popanda kung'amba katoni, ndipo tsiku la sewero muike batire yatsopano. Musanamate chilichonse ndi guluu, yesani mzere uliwonse paokha, kenako muwotcherere polumikizira ndi kukulunga mwendo uliwonse ndi tepi, chifukwa mawaya ongopotokola amamasuka ana akayamba kuthamanga ndi galimotoyo.