Agogo, Ndithandiza Bwanji Anzanga Pomwe Ine Ndilibe Kanthu?

Mtsikana wina wa Sitandade 7 wa kufupi ndi Chitakale wandilembera. Akuti aphunzitsi awo anawauza kuti tsiku lililonse aliyense azichitira mnzake chabwino chimodzi. Iye akudandaula kuti kwawo n'kosauka, mayi ake amathyola tiyi ku esiteti, ndipo sanyamula ngakhale ya chitumbuwa. Akutinso akayesa kuthandiza, anzake amamunena kuti akudzionetsera.

Mdzukulu wanga, aphunzitsi akowo anena zoona, ndipo ndalama isakuvutitse mutu. Chimene chikufunika uli nacho kale, ndiwo maso. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, makalasi anadzaza moti mphunzitsi mmodzi sangaone mwana aliyense. Iwe amene umakhala nawo pansi limodzi ndiye umaona amene wabwera wopanda cholembera, amene wajomba sabata yonse ndi malungo, amene wangoti zii kuyambira m'mawa. Wopanda cholembera mudulire pensulo yako pakati. Wodwala uja mubwereke kope akakopere, ndipo pamene sakumva mufotokozere. Nthawi ya phala, tiana ta Sitandade 1 timakankhidwa pamzere ndi akuluakulu mpaka kutsalira kumapeto. Kaime pambuyo pa kamodzi, palibe amene angakakankhe. Wina akaiwala kapu, imwa lako msanga, utsuke, umpatse phala lisanathe mumphika.

Kuno kwathu phiri la Mulanje lili ndi zake. Mvula ikagwa kumtunda, Likhubula, Lichenya ndi timitsinje tina timadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumudzi kusanadonthe. Mwana wamng'ono sadziwa zimenezo. Ukaona madzi asanduka ofiira ndipo akuthamanga, mugwire dzanja mudikire limodzi kutsidya, ngakhale alire. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chikagwa, wopanda juzi mumuike pakati panu. Ndipo usaiwale kuti mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kutenga miyoyo kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu n'kumagona m'makalasi. Ana ena amene ukuphunzira nawo anataya abale nthawi imeneyo. Usawafunse kuti zinayenda bwanji. Aitane kumasewera, muzibwerera limodzi kunyumba, akafuna kulankhula adzalankhula okha.

Tsono pali china chimene ndikufuna uchigwiritsitse, poti ndiwe namwali. Tsiku lina mnzako adzaimirira m'kalasi atadetsa yunifolomu chifukwa cha kumwezi, iye osadziwa. Usamuitane mokweza, usakodole wina kuti aone. Vula juzi yako kapena tenga chitenje, umumange m'chiuno ngati mukungocheza, um'nong'oneze, kenako uyende pambuyo pake mpaka kwa aphunzitsi aakazi. Nkhaniyo ithere pomwepo, isafike ngakhale kwa mnzako wapamtima. Ndaona atsikana anzeru akusiya sukulu chifukwa chosekedwa tsiku limodzi lokha lotere, ndipo mtima umandipwetekabe. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Za kudzionetserazo, yamba wadzifunsa wekha. Ukathandiza, umachita pagulu? Umakamba pambuyo pake? Ngati ndi choncho, anzakowo sakunama kwenikweni. Ife tili ana, mayi akamva kuti khomo lina sikunafuke utsi, ankatapa ufa m'mbale, kuvindikira ndi kansalu, n'kupita chamadzulo podzera kuseri kwa nyumba. Akafika ankati, "Ndabweza ufa munandibwereka uja," pomwe sanabwerekeko. Mwini nyumba ankalandira mutu uli m'mwamba. Chita chimodzimodzi: wolandira asachite manyazi chifukwa cha iwe. Ukachita mwakachetechete iwo n'kumanenabe, asiye, pakamwa ndi pawo.

Kunyumba nako kuwerengeredwa. Mayi ako amaweruka msana utawawa ndi dengu la tiyi, zala zitachita thuza. Akapeza madzi osamba ali pamoto ndi mbale zotsuka kale, chabwino cha tsikulo wachichita, ngakhale aphunzitsi asachione.

Koma pali zina zimene ana mumazitcha kukoma mtima pomwe si ndiko. Kuonetsa mnzako mayankho pamayeso ndi kumupha. Chaka chamawa mudzakhala pamayeso a MANEB a Sitandade 8, aliyense payekha, woyang'anira ali chilili. Ngati umamukonda, khala naye pansi pa mtengo tsopano lino, mubwereze masamu amene akumuvuta.

Chenjeranso ndi chifundo chimene chimabwera kwa iwe. Bambo kapena mnyamata akayamba kukukweza njinga yake ulere, kukugulira mandasi, kukupatsa ya sopo, n'kumati usauze aliyense, ameneyo akukongoza ngongole imene adzafuna uibweze ndi thupi lako. Kukana si mwano, ngakhale akhale wamkulu, wachibale kapena mphunzitsi. Ukauze mayi ako kapena amayi oyang'anira atsikana pasukulu panu tsiku lomwelo, usadikire kuti achitenso kachiwiri.