Za mfuti ya mipope iwiri ija, Achimwene

Ee Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti bwanji mfuti yodula chonchija pa chithunzi chija ilibe sikopu, galasi lija lolozera lokuza zinthu zakutali, pomwe ya alonda ili nayo. Ndingolankhula, kulemba kunditayira nthawi.

Ijatu ndi .470 Nitro Express (limeneli ndi dzina la chipolopolo chake chachikulu), ya mipope iwiri, imene abwana amanyamula tikamalondola njati kuno ku Luangwa. Chinsinsi chake chili apa: mipope iwiriyo amaimata pamodzi ku fakitale, n'kumaombera, kumatula, kusuntha pang'ono, kumatanso, mpaka zipolopolo zonse ziwiri zizigwera malo amodzi pa mtunda umene asankha, nthawi zambiri cha m'mamita 50. Ndipo amachita zimenezi ndi chipolopolo cha mtundu umodzi, cholemera mwakuti. Mukasintha chipolopolo, mpope wakumanja uyamba zake, wakumanzere zake.

Ndiye taganizani mwaikapo sikopu yolemera pamwamba. Mfutiyi ikaphulika imakankha phewa n'kudzuka chipolopolo chisanatuluke, ndipo opanga aja anawerengera kale kudzuka kumeneko. Kulemera kukasintha, kadzukidwe kasinthanso, mupeza zipolopolo zatalikirana kapena zapingasana. Si mfuti zonse zimatero, koma zimachitika, ndipo kukonzetsa kwake ndi ndalama zosati masewera.

Chimene chili pa mfuti ija ndi kachitsulo kooneka ngati V yotambalala, kali ndi kamzere koyera pakati, ndiye kutsogolo kuli kamkanda. Basi. Njati yovulala ikatulukira m'matsekera pa mamita 15, mulibe nthawi yofunafuna nyama m'galasi. Mungokweza mfuti, maso onse awiri ali otsegula, kamkanda pamphuno, mwaombera. Sikopu yokuza kwambiri pamenepo mungoona ubweya wakuda wokhawokha, osadziwa kuti ndi phewa kapena ntchafu.

Komano kachitsuloko kali ndi vuto lake. Pa mamita 100 kamkandako kamaphimba chifuwa chonse cha mphoyo. Ndiponso maso akakalamba, ngati anuwo Achimwene, pepani, hahaha, sangathe kuona bwino zinthu zitatu nthawi imodzi: V, kamkanda ndi nyama. N'chifukwa chake alenje achikulire ambiri masiku ano akuikapo red dot, kagalasi kakang'ono kokhala ndi kadontho kofiira, monga ka kampani ya Trijicon. N'kopepuka kwambiri moti nthawi zambiri sikasokoneza mipope ija, ndipo kamaoneka ngakhale kukuchita chisisira. Ineyo ndikanakhala ndi mfuti yanga ndikanasankha kameneka, kungoti batire osaiwala.

Sikopu yaing'ono, ya 1 mpaka 4, kutanthauza yokuza zinthu mpaka kanayi, imagwira bwino pa mfuti ya mipope iwiri ya chipolopolo chocheperako ngati 9.3x74R, makamaka ikakhala yochotseka msanga. Koma wofuna kulasa kutali angotenga ya mpope umodzi, ngati ya alonda mwaiona ija.

Alamu muwapatse moni. Netiweki ikuvuta kuno ku kampu, ndiimba Lamlungu tikatuluka ku Mfuwe.