Kodi chithandizo cha majini chingathetse ululu wa mitsempha?

Mwa makalata amene abwera pa imelo, ilipo imodzi imene yankho lake lingathandize anthu ambiri. Mwini wake akuti bambo ake adwala shuga kwa zaka zambiri, ndipo tsopano mapazi amawayaka ngati moto, makamaka usiku, moti chofunda chikangowakhudza amabuula. Ndiye akufunsa kuti: "Ndamva kuti asayansi akukonza chithandizo cha majini chozimitsa mitsempha yomva ululu. N'zoona? Bambo angachipeze liti? Nanga akadzachilandira, ndiye kuti sadzamvanso kupweteka kwina kulikonse?"

Zikomo polemba, ndipo pepani ndi matenda a bambowo. N'zoona, kafukufukuyu alipo, ndipo akuchitidwa ndi anthu odziwa ntchito yawo. Majini amene tikunena pano si mizimu ayi, koma malangizo a m'maselo a thupi amene munthu amatengera kwa makolo ake. Koma ndinene msanga kuti chithandizo cha majini chovomerezeka chothetsa ululu sichinapezeke, choncho musaimitse chilichonse chimene bambo akulandira podikira chimenechi. Funso lanu lachitatu ndi pamene pagona nkhani, ndipo tifikapo.

Zonsezi zinayambira kwa anthu amene samva ululu chibadwire. Mu 2006, gulu la Geoffrey Woods wa ku Cambridge linafalitsa zimene linapeza pa ana 6 a m'mabanja atatu a kumpoto kwa Pakistan. Chimene chinawafikitsa kumeneko ndi mbiri ya mnyamata wina wochita zionetsero mumsewu, amene ankadzibaya mipeni m'mikono n'kumayenda pamakala a moto osamva kanthu. Iyeyo anamwalira atadumpha kuchokera padenga la nyumba akatswiriwo asanamuyeze. Ana enawo ankamva munthu akawakhudza, ankasiyanitsa chofunda ndi chozizira, nzeru zawo zinali bwinobwino, koma kupweteka sankakudziwa. Onse anali ndi vuto pa jini imodzi, SCN9A.

Jini imeneyi imasunga malangizo opangira kabowo kotchedwa Nav1.7, kamene kamapezeka kwambiri pa maselo a mitsempha yomva ululu. Kakatseguka, sodiyamu amalowa m'selo, uthenga wamagetsi n'kunyamuka ulendo wopita kumsana mpaka ku ubongo. Popanda kabowoka uthengawo sufika. Chochititsa chidwi n'chakuti mu 2004 madokotala a ku China anali atapeza kale zosiyana ndi zimenezi pa jini yomweyi. Anthu ena odwala erythromelalgia, amene manja ndi mapazi awo amafiira n'kumatentha koopsa, kabowo kawo kamatseguka msanga mopitirira muyeso.

Makampani a mankhwala, kuphatikizapo Pfizer, anathamangira kukonza mapiritsi otseka Nav1.7, koma atawayesa pa anthu zotsatira zake zinali zokhumudwitsa. Chifukwa china n'chakuti timabowo ta sodiyamu tilipo mitundu 9 yofanana kwambiri, ndipo tina timagwira ntchito mumtima ndi mu ubongo, kumene simungafune kuti mankhwala asokonezeko. Chifukwa china chinatulukira mu 2015 ku University College London. Gulu la John Wood linapeza kuti mbewa zopanda Nav1.7 zimapanga enkephalin wambiri, amene ndi mankhwala opha ululu a thupi lenilenilo, ofanana ndi morphine. Mayi wina wobadwa wosamva ululu atamupatsa naloxone, mankhwala olepheretsa mphamvu ya morphine, anamva kupweteka koyamba pamoyo wake. Apa zinaonekeratu kuti kutseka kabowo mwa apo ndi apo ndi piritsi n'kosiyana ndi kubadwa opanda kabowoko.

Mpamene akatswiri a majini analowererapo. Ganizo lawo n'lakuti m'malo molimbana ndi kabowo kamene kapangidwa kale, auze selo kuti lizipanga timabowo tochepa. Mwayi wake n'wakuti ngakhale mtsempha womva ululu umafika mpaka kuchala chakuphazi, likulu la selo lake, mmene muli DNA yosunga majini, limakhala m'timagulu ta maselo m'mbali mwa fupa la msana. Choncho amatenga kachilombo kosadwalitsa kotchedwa AAV, n'kukasenzetsa malangizo, kenako n'kukabaya m'madzi ozungulira mtsempha waukulu wa msana, cha m'chiuno.

Mu 2021, Ana Moreno, Prashant Mali ndi anzawo a ku University of California San Diego anachita zimenezi pa mbewa. Anagwiritsa ntchito CRISPR, njira imene asayansi amadulira DNA posintha majini, koma yolumala dala kuti isadule DNA. Imangokakhala pa jiniyo n'kuifooketsa, ngati mmene munthu amachepetsera mawu a wailesi popanda kudula waya. Mbewa zina zinapezabe bwino kwa milungu 44 zitabayidwa kamodzi kokha, ndipo zimene ululu wake unabwera chifukwa cha mankhwala a khansa zinapeza bwino kwa milungu 15. Kwa mbewa, imene moyo wake ndi wa zaka ziwiri kapena zitatu, imeneyo ndi nthawi yaitali ndithu. Kumapeto kwa 2024, bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linalola kampani ya Sangamo kuyamba kuyesa pa anthu chithandizo china chofooketsa jini yomweyi, ST-503, kwa odwala matenda a timitsempha ting'onoting'ono tomva ululu amene chiyambi chake sichidziwika.

Ine nkhani za mbewa ndimazimva mosamala, chifukwa njira imeneyi ena anaiyendapo kale. David Fink wa ku University of Michigan anagwiritsa ntchito kachilombo ka herpes, kamene mwachibadwa kamakonda kubisala m'maselo a mitsempha, kuti kapititse jini ya enkephalin kwa odwala khansa. Pa anthu 10 oyamba, malinga ndi zimene zinafalitsidwa mu 2011, amene analandira mlingo waukulu ananena kuti ululu wachepa. Koma pa kuyesa kwachiwiri, poyerekeza ndi anthu amene anabayidwa jakisoni wopanda mankhwala, phindu lake silinaoneke. Ululu ndi wovuta kuyeza. Munthu akakhulupirira kuti walandira chinthu champhamvu, nthawi zambiri amamvadi bwino kwa kanthawi.

Palinso zoopsa zenizeni. AAV akachuluka amatha kuwononga maselo omwewo a m'mbali mwa msana amene tikufuna kuwathandiza. Zimenezi zinaoneka pa anyani, ndipo mu 2019 FDA inaimitsa kaye kuyesa kobaya kumsana Zolgensma, chithandizo china cha majini chogwiritsa ntchito AAV, pa chifukwa chomwechi. Anthu ambiri matupi awo anakumanapo kale ndi AAV ndipo amalimbana naye, komanso amene wabayidwa kamodzi n'kovuta kumubayanso. Za mtengo ndingonena kuti Zolgensma, amene ndi wa matenda ena a ana, anayamba kugulitsidwa pa madola 2.1 miliyoni jakisoni mmodzi.

Tsopano funso lanu lachitatu. Cholinga si choti munthu asamamve kupweteka kulikonse, ndipo chikanakhala chimenecho ndikanakuuzani kuti muthawe. Ana a ku Pakistan aja anali ndi milomo ndi malilime olumidwalumidwa, ena anathyoka mafupa osadziwa. Pambuyo pake zinadziwikanso kuti anthu opanda Nav1.7 samva fungo. Chimene akatswiri akufuna n'kuchepetsa ululu pamlingo woyenera, pamalo oyenera, ndipo kuvuta kwake kuli pomwepo. Piritsi likakuipirani mumangosiya kumwa. Jakisoni wa majini akapitirira mlingo simungamutulutse. Kwa munthu wa shuga zimenezi n'zazikulu kwambiri, chifukwa mapazi ake nthawi zambiri amakhala atachita kale dzanzi, ndipo kabala kosamveka ndi kamene kamafikitsa anthu podulidwa mwendo.

Mwina mwamvanso za suzetrigine, amene FDA inavomereza mu January 2025. Ameneyo ndi piritsi, osati chithandizo cha majini. Amatseka kabowo kena, Nav1.8, ndipo anamuvomereza pa ululu wa kanthawi, monga wa pambuyo pa opaleshoni. Ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi jakisoni wa majini wochiza ululu, mungolipira, sungani ndalama zanu.

Pakali pano, afotokozereni adokotala mmene ululu wa bambo ulili, kuti ndi woyaka, wolasa, wokula usiku. Mawu amenewa amawathandiza kudziwa kuti ndi wa mitsempha, umene paracetamol kawirikawiri sautha. Mankhwala amene amaperekedwa pa ululu wotere ndi monga amitriptyline, duloxetine, gabapentin ndi pregabalin. Amayamba ndi mlingo wochepa, amatenga milungu kuti mphamvu yake ioneke, ndipo mtundu wina ukakanika amayesa wina. Kwa achikulire ena amachititsa chizungulire ndi tulo, choncho adokotala adziwe mankhwala ena onse amene bambo akumwa. Shuga aziyezedwa pafupipafupi, ndipo wina m'nyumbamo aziwayang'ana bambo mapazi tsiku lililonse, kuphatikizapo kunsi ndi pakati pa zala.