Yankho kwa amalume pa nkhani ya Christine Ohuruogu

Mwaswera bwanji amalume? Ndamvetsera funso lanu lija loti kodi Christine Ohuruogu, mayi wa ku Britain wothamanga mamita 400 amene mwamuona pa kanema wakale uja, si yemwe anagwidwa ndi mankhwala owonjezera mphamvu. Ayi amalume, mankhwala sanapezekepo m'thupi mwake, ngakhale n'zoona kuti chilango analandira.

Lamulo limafuna kuti wothamanga wa msinkhu umenewo azilembetsa komwe azipezeka, kuti oyeza athe kumufikira mosamuchenjeza n'kutenga mkodzo wake. Iyeyu oyeza anamusowa katatu pamalo amene analembetsa, motero mu 2006, chaka chomwe anapata golide pa masewera a Commonwealth ku Melbourne, anamuimitsa kwa chaka chathunthu. Kwa ine kumeneko kunali kusasamala ndipo chilangocho chinamuyenera, koma si chilungamo kumutchula wakuba.

Chiletso chitangotha mu 2007, pasanathe ndi mwezi womwe, anakapambana mpikisano wa dziko lonse ku Osaka. Bungwe la Olimpiki la kwawo linkafuna kumutsekera khomo moyo wake wonse, koma anachita apilo n'kuwina, ndipo mu 2008 anakatenga golide pa masewera a Olimpiki ku Beijing pa masekondi 49.62, kusiya Sanya Richards wa ku America, amene ambiri ankamuyembekezera, pa nambala yachitatu. Mu 2012 Sanya anabweza moto pa Olimpiki ya ku London, Christine n'kutenga siliva m'bwalo la ku Stratford, m'dera la Newham momwe anakulira kwa makolo ake ochokera ku Nigeria.

Chimene ndimachikonda pa iye ndi kathamangidwe kake kodikira. Pokhota komaliza ankaoneka ngati watsalira, koma anzake miyendo ikayamba kulemera, iye ndi pamene ankawadutsa mmodzimmodzi. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Moscow mu 2013, Amantle Montsho wa ku Botswana anali patsogolo mpaka pafupi ndi mzere, ndipo ambiri tinali titamupatsa kale chipambano. Montsho anafika pamzere ali chilili, pamene Christine anaponya chifuwa kutsogolo ngati akugwa. Onse awiri anawalembera masekondi 49.41, mpaka oweruza anachita kuyang'ana chithunzi kuti adziwe wopambana, ndipo anapeza kuti wapambana ndi Christine. Nthawi imeneyo inaphwanya rekodi ya Britain ya Kathy Cook ya 49.43, imene inakhala kuyambira 1984, chaka chomwe Christine anabadwa.

Atatenga mendulo ya buronzi pa liwiro lopatsirana kamtengo pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016, analengeza kuti wapuma mu 2018. Ngati kanema mwaonayo ndi wa ku Moscow, amalume, bwezani kumapetoko ndipo muyang'anitsitse mapewa a awiriwo pamene akudutsa mzere.