Achemwali, kebabu wa alamu musathamangire naye ku Camps Bay

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuti inu ndi amuna anu, omwe kwawo ndi ku Iran, mutsegule lesitilanti ya zakudya za kwawoko kuno ku Cape Town, ndipo mwati maso anu ali pa Camps Bay kapena V&A Waterfront poti n'komwe kumadzaza alendo. Ine ndikuti tsegulani ndithu, koma osati kumeneko, komanso musawerengere alendo odzaona malo. Ndakhalitsa m'makhitchini a mumzinda uno, ndiye ndikunena zomwe ndimaona.

Mlendo wa ku Germany kapena ku Britain amatsika ndege atadziwa kale zomwe wadzera: nsomba za m'nyanja, nyama ya braai, bobotie ku Bo-Kaap, vinyo wa ku Stellenbosch. Akalakalaka kebabu, malesitilanti a anthu a ku Turkey, Lebanon ndi Greece ali mbwee, ndipo ambiri mayina awo anamveka kale. Ngakhale chakudya chanu chitamugwira mtima, sabata ikatha wakwera ndege. Alendowa amachuluka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ikafika Juni, Julayi ndi Ogasiti, mvula ndi mphepo zikavuta, matebulo a m'mphepete mwa nyanja amangoti pululu, pomwe mwini nyumba akufunabe lendi yake yonse, yomwenso imakwera chaka ndi chaka.

Amene angakudyetseni ndi anthu okhala mommuno, obwera Lachiwiri madzulo mu Julayi. Yang'anani malo ku Observatory, Woodstock, Claremont, kapena timisewu tam'kati ta ku Sea Point. Apa pali chisankho chimene muyenera kugwirizana m'nyumba musanasaine chilichonse: mowa kapena halaal. Cape Town ili ndi Asilamu ochuluka, ku Athlone, Rylands, Bo-Kaap ndi kwina, ndipo amakonda kudya monga banja, gulu lalikulu patebulo limodzi. Ambiri amayamba afunsa satifiketi ya MJC kapena SANHA, mabungwe otsimikizira kuti chakudya ndi cha halaal, ndipo satifiketi imeneyi siyendera limodzi ndi kugulitsa vinyo. Mukasankha mowa, mufunika laisensi ya Western Cape Liquor Authority, yomwe imatenga miyezi. Ndikanakhala ine ndikanasankha halaal, n'kumagulitsa doogh, chakumwa chija cha yogati, mchere ndi timbewu tonunkhira, komanso tiyi wa m'timatambula tagalasi. Mwezi wa Ramadan mukonze chakudya chomasulira, chomwe kuno amati boeka, ndipo ash reshteh, supu ija ya nyemba ndi masamba, imakhala bwino zedi nthawi imeneyo.

Menyu ikhale yaifupi. Alamu adzafuna kuikamo chilichonse chomwe amayi awo ankaphika, muwaletse mwaulemu. Kebabu wa koobideh ndi joojeh, ndiwo za ghormeh sabzi ndi fesenjan, mpunga wa zereshk polo ndi biringanya wa kashk-e bademjan n'zokwanira poyambira. Mphamvu zonse zipite ku makala ndi mpunga. Koobideh ndi nyama yogaya yosakaniza ndi anyezi wopala, koma anyeziyo akapanda kufinyidwa madzi onse, kapena nyama ikapanda kukandidwa mpaka kumata m'manja, imayoyoka pachitsulo n'kugwera pamoto kasitomala akudikira. Nkhosa ya ku Karoo ilipo yabwino, gwirizanani ndi butchala mmodzi woti azikupatsani mafuta okwanira tsiku lililonse. Mpunga nawo uli ndi mwambo wake: kuunyika m'madzi amchere, kuuwiritsa pang'ono, kuukhetsa, kenako kuubwezera mumphika kuti upse ndi nthunzi, chivindikiro atachikulunga nsalu. Pansi pamapangika tahdig, wokhala ngati makoko a nsima koma wofiirira bwino ndi wokhukhuta, ndipo ameneyu ndiye amabweza anthu. Vuto lake mphika umodzi umatulutsa wochepa, ndiye muphike m'miphika ingapo yaing'ono, osati chimphika chimodzi. Ndipo alamu asakhale okhawo odziwa zimenezi. Tsiku lomwe adwale, pakhale wina amene anamuphunzitsa.

Pa zokometsera, musaganize zoti muzidzaitanitsa mwachindunji ku Mashhad kapena ku Tehran. Chifukwa cha ziletso za malonda zomwe Iran inaikiridwa, mabanki ambiri amakana kutumiza ndalama kumeneko, ndipo katundu wambiri wa ku Iran amadzera ku Dubai. Saffron, tizipatso tofiira towawasa ta zereshk ndi mandimu ouma a limoo amani mupezeretu wokugulitsani wodalirika, makamaka awiri. Saffron wambiri padziko lonse amalimidwa ku Iran, dera la Khorasan, koma wachinyengo ndi wochuluka pamsika. Weniweni amatulutsa mtundu wachikasu pang'onopang'ono m'madzi, tiulusi take tili tofiirabe. Zina zonse zili pompano: mpunga wa basmati ndi zokometsera za dhania ndi methi mupeza m'mashopu a ku Gatesville, ndipo makangaza amalimidwa mu Western Cape momwemuno.

Tsopano mapepala, poti simunanene kuti muli pa chilolezo chanji. Ngati nonse mulibe permanent residence, chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, business visa ya dziko lino imafuna ndalama zokwana R5 miliyoni, pokhapokha boma litakuchepetserani, komanso antchito 60 pa 100 alionse akhale nzika kapena okhala ndi permanent residence. Ndikudziwa kuti mtima ukufuna kulemba abale athu a ku Malawi omwe adzaza m'makhitchini muno, koma muwerenge bwino, ndipo aliyense akhale ndi mapepala ake. Kampani mulembetsa ku CIPC, msonkho ku SARS, laisensi ya bizinesi ndi Certificate of Acceptability, satifiketi ya ukhondo wa malo ophikira, ku City of Cape Town.

Musanalowe ngongole, yesani kaye pamsika. Funsirani malo ku Neighbourgoods Market ku Old Biscuit Mill, ku Oranjezicht City Farm Market kapena ku Mojo Market ku Sea Point, kapena yambani ndi maoda a maphwando. Nowruz, chaka chatsopano cha anthu a ku Iran, imakhala pa 20 kapena 21 Malichi, ndipo ndi nthawi yabwino yoti anzawo a alamu alawe n'kukuuzani zoona, paja iwowo sabisa mawu mpunga ukalakwika.

Mukadzapeza nyumba, sankhani yomwe munali kale lesitilanti, yokhala ndi chumuni chokoka utsi, chifukwa kuika chatsopano kumadya ndalama zambiri ndipo eni nyumba ena salola makala n'komwe. Zoti mukuloledwa kuwotcha ndi makala zilembedwe mu mgwirizano wa lendi. Za magetsi musaiwale momwe tinavutikira mu 2023: moto wa makala ndi gasi umayaka, koma mafiriji ndi chokoka utsi zimafuna jenereta kapena inverter. Ndipo ndalama za lendi ndi malipiro a miyezi itatu yozizira ija zikhale padera musanatsegule chitseko.