Kodi yunivesite ya boma ingamulumbiritse munthu zoti azikhulupirira?

Mayi wina wa ku Matawale wandilembera imelo. Mwana wawo akufunsira ntchito yophunzitsa pa yunivesite ina ku America, ndipo amuuza kuti alembe chikalata chosonyeza kuti amagwirizana ndi mfundo za sukuluyo pa nkhani ya mitundu ndi kusasalana, chomwe kumeneko amachitcha diversity statement. Mayiwo amva kuti maboma ena kumeneko aletsa zikalata zotere, ndiye akufunsa kuti: "Cholakwika n'chiyani? Sukulu ilibe ufulu wosankha anthu ogwirizana nayo?"

Mayi, zimene mwamvazo n'zoona. Mu 2023 boma la Texas linakhazikitsa lamulo loletsa mayunivesite a boma kufunsa zikalata zoterezi, ndipo mu 2024 yunivesite ya MIT (Massachusetts Institute of Technology) inazisiya yokha popanda woikakamiza. Mkanganowu si watsopano kumeneko. Mu 1949 yunivesite ya California inalamula aphunzitsi kulumbira kuti si a chikomyunizimu, ndipo chaka chotsatira aphunzitsi 31 amene anakana anachotsedwa ntchito.

Koma ine yankho langa sindikulitenga ku America ayi. Ndikulitenga kuno kwathu.

Malemu mayi anga ankamangirira khadi la chipani kumapeto kwa chitenje, pamodzi ndi ndalama za ndiwo, chifukwa pakhomo la msika pankaima anyamata ofuna kuliona. Palibe amene ankawafunsa ngati mumtima mwawo akugwirizana ndi chipanicho. Chofunika chinali kuonetsa khadilo basi. Nthawi ya Kamuzu tonse tinkaloweza ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawu abwinotu amenewa, palibe kholo lingawakane. Koma a Mboni za Yehova amene anakana kugula khadi analetsedwa mu 1967, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ndipo a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chanco (Chancellor College), anawagwira pa Gymkhana Club ku Zomba mu September 1987 n'kukawatsekera ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuwazenga mlandu.

Ndiye vuto si kukoma kapena kuipa kwa mfundo zimene akukulumbiritsazo. Vuto ndi loti pakhomo paime munthu woyeza zamumtima mwako usanalowe. Lero woima pakhomoyo ndi amene mumagwirizana naye, mawa ndi wina.

Yunivesite ya boma imayenda pa misonkho ya tonse: Msilamu wa ku Malosa, wa CCAP, Mrasta, ngakhale wosapemphera. Ili ndi mphamvu youza mphunzitsi kuti asasale wophunzira chifukwa cha mtundu, asapemphe chibwenzi posinthanitsa ndi mamalikisi, achonge mayeso mwachilungamo. Zimenezo ndi zochita, zimaoneka, ndipo wolakwa angathe kuzengedwa mlandu pokhala umboni. Koma kumuuza kuti asaine zoti amakhulupirira zakutizakuti kumangopindulitsa odziwa kulemba zokomera abwana. Sukulu ya mpingo n'kwina, poti wolowa amadziwiratu kumene akupita. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 ananena kale: gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, maganizo ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 32 limati munthu asakakamizidwe kulowa bungwe lililonse.

Komabe musafulumire kuwaombera m'manja a ku Texas aja. Lamulo lomwelo linatsekanso maofesi oona za kusasalana m'mayunivesite awo, kutanthauza kuti andale nawonso alowetsa dzanja m'mbale. Ife tikudziwa zimene zimachitika boma likayamba kusuzumira m'kalasi. Mu February 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa pa Chanco, kukawafunsa chifukwa chopereka chitsanzo m'kalasi chakuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungathe kuutsa anthu monga zinachitikira ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anasiya kuphunzitsa, anayi anachotsedwa ntchito kuphatikizapo a Jessie Kabwila, ndipo ku Chirunga, kumene kuli sukuluyi, kunali zii kwa miyezi yambiri mpaka a Bingu wa Mutharika anagonja mu October. Ochititsa lendi ku Chikanda ndi amayi ogulitsa mandasi akuikumbukira bwino nthawi imeneyo, poti matumba anauma. Choncho lamulo loletsa kulumbiritsa anthu ndingalivomere likamamanga mbali zonse, akuluakulu a sukulu ndi nduna yomwe.

Za mwana wanuyo, ntchito asaitaye chifukwa cha pepala limodzi. Muuzeni alembe zimene wachita, osati zimene amakhulupirira: ophunzira ochokera kumudzi amene anawathandiza Chingerezi madzulo, mtsikana amene anatsala pang'ono kusiya sukulu iye n'kumulimbikitsa, mmene amachongera mayeso osayang'ana dzina. Pakakhala chiganizo chimene mtima wake ukukana, asachilembe. Ndipo asunge kope la chimene watumizacho, chifukwa pa intavyu adzamufunsa zomwezo.